Mpando wa Bambo pa Chikuto

6 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi lumo lanu. Kuno tadzuka, ine ndi mlamu wanu, kupatula ulemu wanga umene unavulala pang'ono dzulo.

Ndinapita ku sitolo yaikulu ya mabuku kuti ndikaone mwana wanga atakhala pa shelefu. Ndinavala jekete, ndinapesa. Ndinalunjika kumene amaika mabuku a mtundu wanga, aja a maiko ongopeka, a zinjoka, malupanga ndi amatsenga. Ndinayang'ana kuchokera pamwamba mpaka pansi, mpaka kugwada, koma langa munalibe. Mumtima ndinati latha, anthu alikwatula. Ndiye ndinafunsa mtsikana wogulitsa, ndi mawu a munthu wongodutsa, ngati ali nalo buku lotchedwa Mpando Wopanda Mwini.

"Lija lotuwa?" anatero.

Ananditsogolera kudutsa mabuku a zophika, kudutsa madikishonale, mpaka pakona pamene anapachika chozimitsira moto. Pamwamba pa shelefu analemba kuti Mbiri za Anthu ndi Zotonthoza Oferedwa. Mabuku anga onse anali pamenepo, ataima ndii, osasowapo ndi limodzi lomwe.

Ndinati, "Komatu ndamva kuti muli chinjoka m'menemu."

Analitembenuza uku ndi uku. "Ayi bambo, la chinjoka limakhala ndi chinjoka. Ili ndi la munthu amene bambo ake anamwalira. Simukuuona mpandowu?" Kenaka anayang'ana chithunzi cha wolemba kumbuyo kwa bukulo, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ananso chithunzicho. Anatsitsa mawu. "Pepani ndi maliro."

Ndinathokoza, n'kugula buku langa lomwe kuti ndituluke ngati munthu. Ndi limeneli ndakutumizirani.

Mpando uli pa chikutowo muuzindikira. Ndi wa Bambo, uja mumameterapo inu tsopano. Ndinaujambula ulendo wapita uja inu mukusesa tsitsi. M'nkhaniyi muli mpando wachifumu umene watsala wopanda munthu, ndiye ndinati mpando wopanda munthu umene ndimaudziwa ine ndi umodzi wokha. Mkonzi wa ku kampani yosindikiza ankafuna chinjoka cholavula moto. Ndinakana. Ndinamuuza kuti sindinathere nsapato ku koleji kuti dzina langa lidzakhale pansi pa buluzi wamapiko. Ndinkafuna chikuto chodekha, chotuwa, cha zilembo zing'onozing'ono, monga mabuku aja amene amalandira mphoto ngakhale palibe amawamaliza.

Ndapemphanso kampani kuti itumize angapo ku sitolo ya zolembera ya kufupi ndi babashopu, anthu aone kuti mwana wa wometa sanangopita kukadya mabanzi.

Mundiuze za kumeneko. Denga la kumbuyo munakonza? A Famase, ogulitsa mankhwala aja, akadali kubwera Loweruka lililonse kudzameta tsitsi lomwe kulibe?

Mlongo wanu,
uja mumati Digiri


24 Malichi

Achemwali,

Moni. Kalata yanga ija inafika kapena inagwera m'ngalande? Foni yanu imangolira.

Amalume afika kuno osauza munthu. Ndinatsegula chitseko n'kuwapeza ataima ndi sutikesi ija ya lamba, ambulera, ndi buku langa kukhwapa. Ndinaganiza kuti banja latumiza nthumwi yodzandiyamikira, ndiye ndinathamangira kukagula nkhuku. Anadya, anasamba m'manja, anapukuta chala chimodzichimodzi, n'kunena kuti, "Ndabwera kudzachita chipikisheni."

Mukudziwa kuti chipumireni pa ntchito ya kasitomu, pa chipata cha m'malire a dziko, sanapezepo katundu woti asegule. Akhazikika pa sofa. Amawerenga ndi rula, mzere ndi mzere, pensulo ili kukhutu, ndipo bukulo mwaliona nokha kuti ndi lonenepa ngati njerwa. Pa liwiro limeneli adzamaliza ine ndili ndi imvi.

Tsiku loyamba lonse linathera pa mapu. Mabuku a mtundu uwu amayamba ndi mapu, ndiwo mayambidwe ake: mapiri osongoka, nkhalango, chigwa cha dzina loopsa. Amalume anatembenuza bukulo chadodolido n'kunena kuti, "Uwu ndi msewu wa kwathu. Apa pali famase. Phiri la Utsi ili ndi bekale."

Ndinati ayi, ndi dziko lopeka, lili ndi miyezi iwiri kumwamba.

Anati, "Aliyense wozembetsa katundu amati ndi zovala za ana."

Mlamu wanu amachokera ku chipatala miyendo itatupa ndi kuimirira, n'kupeza sofa ili ndi mwini. Amakhala pa kampando ka kukhitchini. Sanadandaule, mukumudziwa. Anangondifunsa tikutsuka mbale kuti, "Kodi sutikesi ija ndi yochezera kapena yosamukira?"

Chonde ndiuzeni chomwe abwerera, komanso ngati anagula tikiti yobwererera.

Digiri


2 Epulo

Iwe Digiri,

Moni wako ndamulandira. Ife tilipo, ine ndi ntchentche, popeza ndi zokhazo zikulowa mu babashopu masiku ano.

Foni sindikuyankha dala. Pa foni umandiseketsa ndisanamalize kukalipa. Kalata ndinalemba n'kupatsira amalume. Ngati sanakupatse, yang'ana pamene alekezera kuwerenga, uipeza ikusunga tsamba.

Ndibwereze. Buku lako lili pa windo la sitolo ya zolembera, lokutidwa m'pulasitiki, pakati pa makope ndi guluu. Aliyense wodutsa amaona mpando wa Bambo: chikopa chong'ambika pa dzanja la kumanzere, chopondera chija anaotcherera, ngakhale m'mphepete mwa galasi lathu. Pansi pake pali dzina lathu. Iwe wa ku koleji tandiuza. Mwamuna amene wakhala pa mpando umenewo kuyambira ndevu zikungomera, atafunditsidwa nsalu, maso ali kudenga, akuuza Bambo zimene sanauze ngakhale mkazi wake, akaona zimenezo aganiza chiyani? Aganiza za chinjoka?

Mbiri ili ponseponse ndi yoti Bambo ankakufotokozera zonse, ndipo iwe wazisindikiza.

Palibe wagula. Wogula ndiye kuti ali ndi chobisa, ndipo mwini sitolo pakamwa pake sipatsekeka. Amangoima pa windo ngati akusankha bolopeni. A Famase, amene umawafunsawo, anadutsa tsidya lina la msewu atavala chipewa. A Hedi akumeta kwa anyamata a ku depoti, kumene wailesi imaphokosera moti munthu sungaulule kanthu ngakhale utafuna. A Telala anabwera, koma anakhala duu ngati ali kwa dokotala wa mano. Nditawafunsa kuti m'mbalimu ndichepetse bwanji anati, "Ine sindinenapo kanthu."

Ndinayesa kuwauza kuti ndi nthano chabe. Ndinatsegula langa lija kuti ndiwaonetse, n'kugwera pa mapu. Nkhani inathera pomwepo.

Amalume anadzipereka okha kuti akawerenga lonse pamaso pa mwiniwake n'kudzauza anthu chomwe chilimo. Ndinawalola, chifukwa anthu amawakhulupirira pa zofufuza, komanso chifukwa iwe uyenera kulawako.

Tsitsi aliyense angadule, Digiri. Anthu ankabwera kwa Bambo chifukwa mawu ankagwera pansi pamodzi ndi tsitsi n'kusesedwa. Ine chimwalirireni iwo ndasunga zomwezo, ndipo zinanditengera nthawi kuti amuna aja ayambe kuyankhula pamaso pa mkazi wogwira lumo. Zikapitirira chonchi, pofika Juni nditseka. Mpandowo ndidzakutumizira uziujambula mmene ungafunire.

Denga sindinakonze. Mlamu umupatse moni, iye sanalakwe.

Mchemwali wako


15 Epulo

Kwa mwana wa mlongo wanga, mwini babashopu,

Ndikupereka moni. Ine ndili bwino ndipo ndikusungidwa bwino, ngakhale tiyi wa kuno ndi wopepuka ndipo sofa ndi yaifupi.

Nali lipoti la chipikisheni mpaka pano. Katundu ndamusegula kufika chapakati. Pamwamba pali zomwe mlongo wako analengeza: dziko la miyezi iwiri, mfumu yafa, mpando wake watsala wopanda munthu, ndipo wabodza aliyense akaukhalira umamutentha. Pali mtsikana wopalasa bwato amene watola lupanga, ndi chinjoka chogona pansi pa phiri. Chinjokacho chimachedwa kutuluka, koma chikatuluka chimadziwa ntchito yake.

Koma ine zaka zonse zija pa chipata sindinaonepo munthu akuika katundu weniweni pamwamba. Muli sing'anga wa diso limodzi amene amathira madzi m'mankhwala a mfumu. Sinditchula munthu, koma tonse tikudziwa amene amatsinzina diso limodzi powerenga mapilitsi. Muli wosoka amene analonjeza mkanjo wa ukwati wa mfumukazi n'kuupereka mfumukaziyo ili ndi zidzukulu. Apa sipofunika magalasi. Mulinso mkulu wa sukulu ya amatsenga amene amagona ana akulemba mayeso.

Ndikamufunsa mwiniwake amati zonsezo anazitenga m'mutu. Ndinamufunsa kuti mutuwo unakulira kuti.

Muli nkhalamba ina imene imatsikira pansi pa phiri kukameta ndevu za chinjoka, koma siyankhula kawirikawiri, ndiye sindinaipeze ndi mlandu.

Munthu mmodzi yekha ndiye sindinamuzindikire: mlonda wa pa mlatho amene amasegula thumba lililonse, mpaka anthu amazungulira njira ya kunkhalango pomuthawa. Ameneyu ndi wopekadi, ndipo ndi yekhayo wanzeru m'buku lonse.

Ndalemberanso a Telala zomwezi mwachidule kuti anthu akhazike mitima pansi.

Za kubwerera usandifunse. Ntchito siisiyidwa pakati, komanso mtsikana wa bwato uja ndamusiya ali m'dzenje. Unditumizire masokosi.

Ine malume ako


23 Epulo

Digiri,

Moni ndili naye wochepa.

Mitima yakhazikikadi. A Telala akuwerengera kalata ya amalume aliyense wobwera kudzayesa thalauza, kungodumpha pamene pakunena za wosoka.

A Famase anabwera dzulo, osati kudzameta. Anaima pakhomo, maso onse awiri ali tong'o kuti ndione kuti amatseguka, n'kunena kuti za madzi zija zinachitika kamodzi kokha, kalekale, ndipo anali mankhwala a chifuwa. Ine sindinkadziwa n'komwe. Bambo sanandiuzepo, ndipo ndikudziwa kuti iwenso sanakuuze. Tsopano ndikudziwa, iwo akudziwa kuti ndikudziwa, ndiye sadzabweranso.

Sabata ino ndameta tiana tongokokedwa ndi amayi awo, ndi mlendo wina wogontha. Mashini ndikumawathira mafuta kuti asachite dzimbiri. Benchi ndalilowetsa mkati, linkandichititsa manyazi panja.

Za mabuku unaphunzira ndiwe. Sindikupempha china. Ndikupempha kuti uchotse mpando wa Bambo pa windo lija. Mmene uchitire ndi zako.

Mchemwali wako


9 Meyi

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira, kenaka ndinakhala pansi, pa kampando ka kukhitchini, popeza za sofa mukudziwa. Ndachedwa kuyankha chifukwa sindinafune kukulemberani pepani wopanda miyendo.

Ndinapita kwa mkonzi. Ndi mayi wamfupi wa magalasi a chingwe, ndipo ofesi yake ndi yodzaza makatoni. Imodzi mwa makatoni a buku langa ndiyo amatchingira chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo. Amalume ananditsatira, ati katundu sayenda yekha.

Ndinamufotokozera zonse, n'kupempha kuti bukulo lichotsedwe m'masitolo a kwathuko. Anapukusa mutu. "Buku likasowa pa windo mwadzidzidzi, anthu amati kani munali zoona. Mukatero ndiye mwawatsekera achemwali anuwo babashopu ndi loko."

Anatsegula dirowa n'kutulutsa chithunzi chija ndinachikana chaka chatha. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangochiika pa tebulo pang'onopang'ono, zomwe zimapweteka kuposa.

Kenaka anandilembetsa mayeso. Anatenga mabuku pa shelefu, akuphimba mitu yake ndi dzanja.

"Ili?"

Msewu wonyowa, nyale imodzi, zilembo zofiira. Ndinati, "Wina waphedwa."

"Ili?"

Mwamuna amene waiwala kumanga mabatani a malaya. Ndinati, "Wina akwatiwa."

"Nanga ili?"

Linali langa. Mpando wopanda munthu, zonse zotuwa, tizilembo tamanyazi. Amalume anayankha m'malo mwanga: "Wina wamwalira, ndipo mwana wake ali ndi zoti anene."

"Bambowa akhoza," anatero mkonzi. "Chikuto si galasi loti wolemba adzionerepo. Ndi chikwangwani. Chimauza munthu ali tsidya la msewu kuti muno timameta, kapena muno timazula mano. Inu munalemba za chinjoka n'kupachika chikwangwani cha maliro. Ofuna chinjoka anadutsa, ofuna maliro anatsegula n'kupeza mapu."

Kusindikizanso sangathe. Koma mabuku ali m'makatoni awasenda zikuto n'kuwaveka zatsopano, ndipo a m'masitolo awasinthitsa. Tinalowa kwa wojambula zikuto, bambo wina wosayankhulayankhula amene amakhala pakati pa makompyuta awiri ngati woyendetsa ndege. Ine ndinaima kumbuyo. Amalume anakoka mpando.

"Chinjoka ichi ndi choonda," anatero. "Chomwe ndikuwerenga ine chimadya ng'ombe."

Anachinenepetsa.

"Mano."

Anaonjezera mano.

"Nanga mtsikanayu watipatsa nkhongo bwanji? Alibe mwambo?"

Wojambula anafotokoza kuti pa mabuku awa mwini nkhani amatembenukira uko, atavala mkanjo wa chipewa, lupanga lili m'manja, akuyang'ana chomwe chikumudikira, kuti wowerenga aikepo nkhope yake. Amalume anavomera, ati ngakhale pa chipata munthu amadziwika bwino ndi msana. Kumwamba anaika miyezi iwiri, wina wobiriwira. Mutu wa bukulo uli m'zilembo zagolide zotukuka, zoti ungawerenge ndi chala magetsi atazima.

Ndinapempha kuti mwina golide achepe pang'ono. Mkonzi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mukufuna a Famase akhulupirire ali tsidya la msewu kapena ayi?"

Ndinati onjezerani golide.

Achemwali, chikutocho ndi choopsa. Chikufuula. Anzanga a ku koleji, amene amalemba timabuku toonda ta anthu oyang'ana pa windo mvula ikugwa, adzandiseka mpaka kumanda. Koma munthu wamisala yekha ndiye angachione n'kuganiza kuti mkatimo muli za mapilitsi.

Vuto latsopano ndi ili. Mabuku a mtundu uwu sayenda okha, amabwera atatuatatu, ndiye pansi pa chinjoka analembapo kuti Buku Loyamba mwa Atatu. Amalume anawerenga zimenezo milomo ikuyenda. Titafika kunyumba anavula nsapato, anakhala pa sofa, n'kufunsa kuti, "Enawo ali kuti?"

Ndinati sindinalembe.

Anati, "Ndidikira."

Mlamu wanu anaika poto pansi mosamala kwambiri, anatuluka pakhonde, n'kuima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana zovala za anthu ena pa chingwe.

Mabuku afika kumeneko mwezi uno usanathe. Musatseke. Mundiuze mmene zikhalire, ngakhale m'mizere iwiri.

Digiri


30 Meyi

Mlongo wanga,

Moni, ndipo lero ndi wokwanira.

Chinjoka chako chafika. Mwini sitolo anachotsa makope pa windo kuti chioneke bwino, ndipo ana a sukulu adetsa galasi lonse ndi mphuno. Ine ndinachiona ndili pakhomo pa babashopu, tsidya lino la msewu. Kunena zoona ndi chonyansa. Zikomo.

A Hedi ndiwo anayamba. Anaima pa windo manja ali kumbuyo, anawerenga zagolide zija, anayang'ana mano, n'kunena mokweza kuti onse amve, "Kani ndi zimenezi? Fizi yonse ija." Anaoloka msewu, analowa, anakhala pa mpando osafunsa. Anyamata a ku depoti anawawononga kumbuyoku, ndinachita kukonza ngati denga. Nthawi yonse ankanena za kulowa pansi kwa maphunziro, chitsanzo ukhala iwe. Nditafika pa ndevu anatsitsa mawu n'kuyamba zina. Zimenezo ndinasesa.

Tsopano anthu akugula, chifukwa kugula chinjoka si kuulula kanthu. A Telala anagula oyamba, ati ndi la mdzukulu. Mdzukuluyo akukwawa. Benchi ndalitulutsanso panja ndipo Loweruka lapitali ena anaimirira. Kalata ya amalume ija aiiwala, ati mkuluyo ukalamba wamulowa, angaone bwanji a Telala m'dziko la mwezi wobiriwira. Akukangana zoti chinjoka chingauluke bwanji ndi mimba yoteroyo.

Ulemu wako wokha ndiwo sunapulumuke. Kuno sulinso Digiri. Akukutcha Wazinjoka, ndipo lagwira, sindingalichotse ngakhale ndi lumo.

Atsala a Famase. Amaima tsidya lija, kuyang'ana chinjoka, kuyang'ana kuno, n'kubwerera. Tsitsi la m'mbali lafika m'makutu. Anauza a Hedi kuti chikuto munthu angasinthe, koma wa kasitomu analemba ndi dzanja lake, ndipo sadzakhalanso pa mpando uwu mpaka amve kuchokera pakamwa pa yemweyo. Anali oyamba kumetedwa ndi Bambo tsiku lomwe anatsegula, ndipo ndiwo anayamba kukhala pansi pa lumo langa ena akukayika. Popanda iwo babashopu yadzaza koma siinakwane.

Ndiye uwauze amalume izi, usasinthe mawu. A Telala anadumphira kumapeto, ndipo akuuza benchi lonse kuti mlonda wa pa mlatho ndi chitsiru, ndiponso kuti ndi iye anagulitsa mtsikana wa bwato. Palibe wowatsutsa, chifukwa palibe wina wafika kumeneko.

Mlamu umuuze kuti akadzabwera ndidzamuluka ulere mpaka kalekale.

Mchemwali wako


7 Juni

Achemwali,

Moni. Konzani tiyi wolemera.

Kalata yanu ndinawerenga mokweza pa tebulo, osasintha mawu. Nditafika pa chitsiru, amalume anaika kapu pansi.

"Telala," anatero. "Munthu amene sanamalizepo thalauza pa nthawi yake, angamalize buku?"

Ndinati mwina anangoona molakwika.

"Mlonda uja anasegula thumba chifukwa munali mpeni. Akanapanda iye mtsikanayo akanafa pa mlatho pomwepo. Zili apa." Anatsegula tsamba lake osafufuza. Apo ndi pamene mlamu wanu anaulula kuti amalume bukulo analimaliza kale, ndipo uku kunali kubwereza. Masiku apitawa amalumewo ankaima kumbuyo kwanga ndikulemba lachiwiri, rula ili m'manja, akupumira m'khosi mwanga.

Anati anyamuka m'mawa. Kulongedza kunatenga m'mawa wonsewo. Anatsanzika, kenaka anakhala pansi kuti amwe tiyi wa panjira. Anafika pakhomo, anabwerera ambulera. Anafika pa masitepe, anabwerera kudzauza mlamu wanu kuti sofa ija mwendo umodzi ukugwedera, asamakhalepo mwamphamvu. Mlamu wanu ananyamula sutikesi yekha n'kutsika nayo pa liwiro lomwe sindinamuonepo nalo chikwatiraneni.

Ku depoti ndinawagulira mpando wa pa windo. Basi isanadzaze tinaima pambali, iwo atakumbatira buku lawo latsopano lija, chinjoka chili kunja kuti anthu aone. Ndinawafunsa chomwe akawauze a Famase.

"Ndikawauza kuti ndinaona molakwika. Sing'anga uja ndi wa dziko la miyezi iwiri."

"Mukukhulupirira zimenezo?"

"Ayi. Koma pa chipata ukapeza kabotolo kamodzi m'thumba la munthu wokalamba, umatseka thumbalo n'kumufunira ulendo wabwino."

Ndinati zikomo. Anasisita zilembo zagolide ndi chala.

"Nkhalamba ija yometa chinjoka," anatero. "Kumapeto kuja mafumu ataigwira kuti inene zomwe chinjoka chinkaiuza. Inayankha kuti chiyani?"

Ndinati, "Inati, ine ndinkangoyang'ana ndevu."

"Bambo ako ankayankha choncho mayi ako akawafunsa za anthu. Mawu omwewo." Anandiyang'ana mmene ankayang'anira anthu pa chipata. "Chikuto choyamba chija sichinaname. Chinangofuula zoyenera kunong'ona. Katundu ameneyo ndamupeza, ndipo ndamulola adutse. Usadzamuikenso pamwamba."

Kondakitala anayamba kumenya basi ndi dzanja. Anakwera. Anatsika kudzandipatsa pensulo yawo, ati yanga ndi yofooka. Anakweranso. Basi itayamba kuyenda anatulutsa mutu pa windo.

"Mlonda uja usamuphe," anatero. "Ndi yekhayo akugwira ntchito."

Ndinaima pomwepo mpaka basi inakhota, kenaka ndinadikirabe pang'ono kuti nditsimikize.

Afika ndi masilipasi anga, musawafunse. Tsitsi lawo lakula, kuno anakana kumetedwa ndi mlendo. Muwakhazike pa mpando wa Bambo chitseko chili chotsegula, a Famase aone ali tsidya la msewu.

Mlongo wanu,
Wazinjoka